Tisanadzukire Melbourne: Formula 1 ya 2026 yasintha pati?

Matope a ku Mtenguleni asanaume n'komwe pa nsapato zathu, nkhani pagalaji ya amalume ku Kapata yatembenuka kale. Sabata yatha tinkakamba za Nc'wala, za impi ndi zikopa zawo, za alendo amene anadzaza malo ogona m'tauni muno. Sabata ino n'za Melbourne. Lamlungu pa 8 Marichi, ikamakwana 6 koloko m'mawa kuno kwathu, kumeneko ili 3 koloko masana, galimoto 22 zidzandanda pamzere ku Albert Park kudikira kuti nyali zisanu zofiira zizime. Zikangozima, sizoni ya Formula 1 ya 2026 yayamba.

Amalume anandifunsa ali chagada pansi pa Corolla ya kasitomala, miyendo yokha ikuoneka. "Iwe, Hamilton wako uja chaka chino awina, kapena tizingomva nkhani?" Aliyense wotsatira masewerawa akufunsa funso lomweli, kungosintha dzina. Wina akuti Verstappen, wina Norris, wina Leclerc. Ine ndinawayankha kuti chaka chino funso liyambire pa injini, dzina la dalaivala libwere pambuyo. Anatulutsa mutu, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti tsopano ndayamba kulankhula ngati munthu wa pagalaji.

Kwa amene angoyamba kumene kuonera, mwina atakopeka ndi Drive to Survive ya pa Netflix imene inayamba mu 2019, nazi za pamwamba mwachangu. Matimu chaka chino alipo 11, iliyonse ili ndi galimoto ziwiri. Pakalendala aikapo mipikisano 24, kuyambira Marichi ku Australia mpaka Disembala ku Abu Dhabi. Wopambana amatenga mapointi 25, wachiwiri 18, wachitatu 15, kumatsika choncho mpaka wa nambala 10 amene amatola pointi imodzi. Zikho ndi ziwiri, cha dalaivala ndi cha timu. Mpikisano umodzi umakhala wa makilomita pafupifupi 305. Mukanyamuka pa Chipata kulowera ku Lusaka, pamenepo ndiye mwadutsa Katete, Sinda, Petauke ndi Nyimba, mukuyandikira mlatho wa Luangwa. Iwo mtunda umenewo amautha pa ola limodzi ndi theka, akukhotakhota m'makona.

Chimene chimasiyanitsa masewerawa ndi mpira ndi ichi. Ku mpira, matimu onse amamenya chikopa chimodzi. Ku Formula 1, timu iliyonse imadzikonzera yokha galimoto yake, potsatira buku la malamulo la bungwe la FIA. Malamulo akakhala osasintha kwa zaka zingapo, otsalira amaonera kwa otsogola, amakonza zolakwa zawo, ndipo kusiyana kumachepa. N'chifukwa chake 2025, chaka chachinayi cha malamulo a 2022, inatha mothina chonchija: Lando Norris mapointi 423, Max Verstappen 421, Oscar Piastri 410, onse atatu atafika pa mpikisano womaliza ali ndi mwayi. Ambiri a ife tikudikira Melbourne mtima udakali pa usiku ule wa ku Abu Dhabi, poganiza kuti nkhondo ipitirira pamene inalekezera. Koma galimoto zimene zinamenya nkhondoyo azisunga. Za chaka chino n'zatsopano kuyambira pamphuno mpaka kumchira, ndipo injini ndi thupi la galimoto zasinthira pamodzi, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri.

Tiyambire pomwe ndinawauza amalume. Injini ikadali ya malita 1.6, V6 yokhala ndi turbo, monga yakhalira kuyambira 2014. Chasintha ndi kagawidwe ka ntchito pakati pa mafuta ndi magetsi. Kale mota yamagetsi yothandizira kukankha galimoto inkapereka makilowati 120. Tsopano ikupereka 350, pamene mbali yamafuta aitsitsa kufika cha m'ma 400. Ndiye kuti pafupifupi theka la mphamvu likuchokera ku batire. Mota yamagetsi yokhayo ili ndi mphamvu yoposa ya Corolla zitatu ngati ija amalume anali kukonza. Vuto n'lakuti batire silinakule mofanana ndi mota. Dalaivala akaponda moto mpaka pansi n'kumakoka magetsi onse, batire limatha m'masekondi khumi ndi pang'ono. Lidzazidwenso bwanji? Pomanga mabuleki, mota ija imasanduka jenereta, liwiro la galimoto n'kumabwerera m'batire. Nthawi zina dalaivala azichotsa phazi pamoto asanafike pakona, kapena injini izipatulako mphamvu ina yodzazira batire galimoto ili mumsewu wowongoka.

Izi ife a ku Chipata sitifunika kuphunzitsidwa ndi munthu. Aliyense amene wakhalapo ndi batire la sola nthawi imene magetsi amathima maola ambiri akudziwa masamu ake. Ukayatsa TV, firiji ndi nyali zonse nthawi ya 6 madzulo, 9 koloko ukhala mumdima. Umazimitsa ichi kuti icho chifike pakati pa usiku. Dalaivala wa 2026 azichita masamu amenewa pa lapu iliyonse, akuthamanga makilomita oposa 300 pa ola, mnzake ali kumsana. Akawononga magetsi podutsa munthu pano, mumsewu wowongoka wotsatira akhala wopanda chodzitetezera, ndipo amene wadutsidwa uja abweza. Alipo masapota amene akudandaula kale kuti uku si kuthamanga, n'kusunga ndalama. Ndikuwamvetsa. Nanenso sindifuna kuona katswiri akuchotsa phazi pamoto pamalo pamene chaka chatha ankadutsa ngati mphezi. Komabe masewerawa sanakhalepo opanda chosunga. Kale ankasunga mafuta, ankasunga mabuleki ndi giyabokosi, ndipo kuyambira 2011 akhala akusunga matayala a Pirelli. Wochenjera pa masamu amenewa ndi amene amaoneka mochedwa, malapu khumi omaliza.

Pali kachipangizo kena kamene achotsa, kotchedwa MGU-H. Kankakhala pa turbo, kumakolola mphamvu kuchokera ku utsi wotentha wa ekizozi, komanso kumazunguza turbo kuti isagone. Kanali kanzeru kwambiri, koma kodula ndi kovuta kupanga, moti makampani atsopano ankaopa kulowa. Kuchotsedwa kwake ndi chimodzi mwa zimene zinakopa Audi. Nditawafotokozera amalume, anangogwedeza mutu n'kuti, "Ndiye turbo izichedwa kudzuka." Iwo atsegula injini zadizilo zambirimbiri, amadziwa kamphindi kaja kamene umaponda moto koma lole ikudikira kaye mpweya. Pa Formula 1 kamphindi kameneko n'kokwanira kuti galimoto zitatu zikudutse. Choncho Lamlungu yang'anitsitsani ponyamukira penipeni, nyali zikangozima. Mafuta nawonso ndi ena. Malamulo akuti asachokerenso ku mafuta okumbidwa pansi, azipangidwa kuchokera ku zinyalala, zotsalira za zomera zosadyedwa, kapena mpweya wa kaboni. Ndiye akatswiri a Petronas, Shell ndi Aramco nawonso ali pa mpikisano wawowawo umene kamera siionetsa.

Za mapiko ndimakonda kuzifotokoza ndi njinga, poti tauni yathu ndi ya njinga. Muonereni mnyamata wa kabaza akamatsika mtunda wopanda munthu kumbuyo. Amawerama, chibwano chili pafupi ndi mahandulo, kuti mphepo imudutse pamsana. Akafuna kuchepetsa liwiro amadzuka, chifuwa n'kugwira mphepo. Galimoto ya Formula 1 imafuna zinthu ziwiri zotsutsana. Pakona imafuna mphepo yoikanikizira pansi kuti matayala agwire phula, ndipo mapiko ndi amene amagwira ntchito imeneyi, ngati a ndege koma otembenuza. Mumsewu wowongoka mapiko omwewo amasanduka katundu, amaikoka kumbuyo. Chaka chino mapiko akutsogolo ndi akumbuyo omwe azisuntha. Powongoka azigona, pakona azidzuka, ndipo izi azichita madalaivala onse pa malo osankhidwa, kaya ali kumbuyo kwa wina kaya ali okha. Chifukwa chake chikubwereranso ku batire lija. Popanda kuchepetsa kukoka kwa mphepo, magetsi akanamathera pakati pa msewu.

Izi zathetsa DRS, kachitseko ka pa phiko lakumbuyo kamene kanatithandiza kuona kudutsana kuyambira 2011. M'malo mwake, amene watsata mnzake mosapitirira sekondi imodzi azipatsidwa mwayi wogwiritsa ntchito magetsi owonjezera. Galimoto zafupikanso. Pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo achotsapo masentimita 20, m'lifupi achotsa 10, ndipo kulemera kochepetsetsa kololedwa ndi makilogalamu 768, kutsika ndi 30 kapena kuposerapo pang'ono. Matayala ndi opyapyalako. Cholinga n'chakuti galimoto ithe kutsata inzake pafupi m'makona osasokonezedwa ndi mphepo yovunduka ya wapatsogolo. Lonjezo limeneli tinalimvanso mu 2022. Linagwira chaka choyamba, kenako mainjiniya anapeza njira zawo ndipo kutsatana kunavutanso.

Akuluakulu amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo anthu ambiri akuona malamulo atsopano motero, kuti aliyense akuyambira pamzere umodzi, mwina timu yathu n'kutulukira. Mbiri ya masewerawa imavomereza theka lokha la chiyembekezo chimenechi. Malamulo atsopano amasinthadi mfumu, koma kawirikawiri amabala mfumu imodzi yosiya anzake kutali. Mu Disembala 2008 Honda inatuluka mu Formula 1, ndipo Ross Brawn anagula timuyo ndi paundi imodzi. Mainjiniya ake anali atapeza kampata m'malamulo a 2009 pa kapangidwe ka pansi pa galimoto chakumbuyo. Dalaivala wake Jenson Button anapambana mipikisano 6 mwa 7 yoyambirira, natenga chikho ngakhale anzake anadzamupeza liwiro chakumapeto. Mu 2014, injini zamagetsi ndi mafuta zitangobwera, Mercedes inapambana mipikisano 16 mwa 19, n'kutenga chikho cha matimu zaka 8 zotsatizana mpaka 2021. Malamulo a 2022 anakweza Red Bull, moti mu 2023 inapambana 21 mwa 22, Verstappen yekha 19. Amene akuyembekeza kuti Melbourne ikhala yothinana ngati Abu Dhabi ya chaka chatha akonzekeretu mtima. N'zotheka ndithu kuti woyamba ndi wachisanu asiyana ndi mphindi yathunthu.

Koma 2022 yomweyo ili ndi phunziro lina limene masapota a Ferrari salikonda. Charles Leclerc anapambana mpikisano woyamba ku Bahrain, galimoto zonse ziwiri za Red Bull zitafera panjira. Anapambananso ku Melbourne komweku, Verstappen atafanso injini ikufuka. Itatha mipikisano itatu, Leclerc anali ndi mapointi 71, Verstappen 25. Ndikukumbuka anyamata pagalaji akuvina, wina atavala kale malaya ofiira a salaula okhala ndi kavalo pachifuwa. Pofika Okutobala Verstappen anali atatenga chikho ku Suzuka kutatsala mipikisano inayi, ndipo anatseka chaka atapambana 15. McLaren mu 2023 inayamba yopanda pointi ndi imodzi yomwe pa mipikisano iwiri yoyambirira. Chaka chotsatira inatenga chikho cha matimu, choyamba chichokere 1998. Galimoto ya Marichi si imene imafika Disembala. Mafakitale amatumiza mapiko atsopano, pansi patsopano, zitsulo zopepuka, mwezi ndi mwezi, ndipo m'chaka choyamba cha malamulo ndi m'mene mumakhala zambiri zotulukira. Ku Mtenguleni Nkhosi yamankhosi imalawa zoyamba kucha chimanga chikadali chachiwisi m'munda, nkhokwe timadzaiona mu Meyi ndi Juni. Melbourne ili pa kulawa pamenepo.

Nanga nthawi zimene mwakhala mukuziona pafoni kuchokera ku mayeso? Matimu anakayesa galimoto ku Barcelona kumapeto kwa Januwale zitseko zili zotseka, kenako kawiri ku Bahrain mu Febuluwale. Manambala amenewo atengeni mosamala. Makilogalamu 10 a mafuta amachedwetsa galimoto pafupifupi masekondi 0.3 pa lapu, ndipo palibe timu imene imalengeza mafuta amene yathira. Ena amathamanga ndi thanki yopepuka kuti asangalatse othandiza ndi ndalama, ena amadzaza dala ndi kutsitsa mphamvu ya injini kuti adani asaone. Mu 2019 Ferrari inaoneka yosagwirika ku mayeso a ku Barcelona, koma Mercedes inapambana mipikisano 8 yoyambirira, isanu yoyambayo ikutenga malo oyamba ndi achiwiri. Chikomekome cha nkhuyu. Chimene mayeso amanena mosabisa ndi kuchuluka kwa malapu. Galimoto imene yazungulira tsiku lonse osalowa m'galaji ili ndi thanzi, imene imakhalira kutsegulidwa bonati ili ndi nthenda, kaya penti yake ikuwala bwanji.

Opanga injini chaka chino ndi asanu, ndipo apa ndi pamene chiyembekezo cha aliyense chiyenera kuyezedwera. Mercedes ikudzipangira yokha, n'kugulitsanso kwa McLaren, Williams ndi Alpine, imene yasiya injini za Renault. Anthu ambiri akuiloza Mercedes chifukwa chokumbukira 2014, ndipo George Russell ndi Kimi Antonelli akutchulidwa kwambiri. Koma injiniyo ikakhala yabwino, McLaren nayo ili nayo yomweyo, ndipo McLaren yakhala ikuigonjetsa Mercedes ndi injini yakeyake zaka ziwiri zapitazi. Norris wa McLaren akubwera ndi nambala 1 pamphuno ya galimoto, mnzake Piastri akubwera ndi bala la chikho chimene anatsogolera miyezi ingapo n'kumupulumuka m'manja. Ferrari ikupanga yake, ya Haas ndi ya Cadillac.

Red Bull ndiye yadziika pamoto. Zikho zinayi za Verstappen, 2021 mpaka 2024, zinabwera ndi injini zochokera ku Honda. Tsopano, kwa nthawi yoyamba, kampani ya zakumwa ikudzipangira injini ku Milton Keynes mothandizana ndi Ford, kulimbana ndi anthu amene akhala akupanga injini kwa zaka zosawerengeka. Christian Horner amene anaitsogolera timuyo kuyambira 2005 anachotsedwa mu Julayi 2025, m'malo mwake muli Laurent Mekies. Adrian Newey, amene galimoto zake zinatenga zikho ku Williams, ku McLaren ndi ku Red Bull, anapita ku Aston Martin. Chotsala ndi Verstappen mwini, ndipo si chochepa. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chatha anali kumbuyo ndi mapointi 104, natsiriza kumbuyo ndi 2. Sindine sapota wake, koma munthu wotere sindimuchotsa pa mndandanda mpaka masamu atakana.

Aston Martin ili ndi zonse zimene ndalama ingagule: Newey, fakitale yatsopano ku Silverstone, injini za Honda, ndi Fernando Alonso wazaka 44 amene anapambana komaliza mu 2013 ku Spain. Ndikufuna nditamuona akupambananso. Koma Alonso yemweyo akukumbukira 2015, pamene McLaren ndi Honda anayamba ukwati wawo ndi ng'oma zambiri n'kutsiriza chaka ali pa nambala 9. Zinthu zatsopano zikachuluka nthawi imodzi, zimatenga nthawi kuti zizolowerane. Audi yatenga timu ya Sauber, ikupanga injini yake, madalaivala ndi Nico Hülkenberg ndi Gabriel Bortoleto. Cadillac ndi timu yatsopano kotheratu, ya nambala 11, ndipo yasankha anthu odziwa njira, Sergio Pérez ndi Valtteri Bottas. Kwa awiriwa, kumaliza mpikisano galimoto zonse zili zamoyo ndi chipambano kale.

Tsopano funso la amalume. Kuno kwathu Lewis Hamilton si dalaivala wamba. Ambiri a ife tinayamba kuonera chifukwa cha iye, munthu wakuda yekhayo pamzere uja, mwana amene bambo ake ankagwira ntchito zingapo kuti amulipirire timagalimoto ta ana. Zikho 7, zofanana ndi za Michael Schumacher, ndi mipikisano 105 yopambana. Chachisanu ndi chitatu chinamuchoka pa lapu yomaliza ku Abu Dhabi mu 2021, pa kayendetsedwe ka safety car (galimoto yolowa kutsogolo kuchepetsa liwiro la onse pakachitika ngozi) kamene FIA inadzavomereza pambuyo pake kuti panali kulakwitsa kwa munthu. Bala limenelo kwa ambiri a ife silinapole, n'chifukwa chake atalowa Ferrari mu 2025 tinaona ngati nthano ikukatha bwino. Sizinatero. Ku Melbourne anamaliza wa nambala 10 mumvula. Sabata yotsatira anapambana kampikisano kakafupi ka Loweruka ku China, mawa lake galimoto zonse ziwiri za Ferrari n'kuchotsedwa pa zotsatira chifukwa chophwanya malamulo a kapangidwe. Chaka chinatha osakwerapo pa nsanja ya atatu oyamba pa mpikisano waukulu, koyamba chiyambire 2007. Ferrari inamaliza yachinayi, yopanda chipambano.

Chifukwa choyembekezera chilipo, ndipo si cha mtima wokha. Galimoto za 2022 mpaka 2025, zoyamwa mphepo pansi, zouma ndi zogunda phula, sizinagwirizane naye. M'zaka zinayi zimenezo anapambana kawiri kokha, ku Silverstone ndi ku Spa mu 2024. Galimoto zimenezo zapita. Ferrari inasiyanso msanga kukonza mapiko a galimoto ya 2025 kuti iike manja onse pa ya chaka chino. Chochititsa mantha n'chakuti munthuyu ali ndi zaka 41, mnzake wa m'timu Leclerc anamuposa bwinobwino chaka chatha, ndipo Ferrari sinatenge chikho cha dalaivala chichokere kwa Kimi Räikkönen mu 2007, cha matimu chichokere 2008. Sebastian Vettel anapitako ndi zikho zinayi, Alonso ndi ziwiri, onse anachoka ku Maranello, kwawo kwa Ferrari, osawonjezerapo. Ndikufuna ndi mtima wonse kuti Hamilton atenge chachisanu ndi chitatu. Koma ngati injini ya Ferrari ikumaliza batire msanga kuposa ya Mercedes, manja ake sangabwezere magetsi amene palibe, ndipo ndikupempha anzanga kuti tisadzamunyoze pa chinthu chimene chalakwika mufakitale.

Pali zingwe ziwiri zimene zingathandize kuti wotsogola asathawe zaka 8 ngati kale. Kuyambira 2021 pali malire a ndalama zimene timu ingagwiritse ntchito pachaka. Anayambira pa madola 145 miliyoni, ndipo chaka chino ali pa 215 miliyoni chifukwa awerengeramo zinthu zina zimene kale zinali kunja. Chachiwiri ndi nthawi yoyesera galimoto m'nyumba ya mphepo, momwe amauzira mphepo pa kachifanizo ka galimoto kuti aone mmene mapiko akugwirira ntchito. Timu yoyamba pa chikho imapatsidwa maperesenti 70 a muyezo, ya nambala 10 imapatsidwa 115. Ndiye McLaren yakonza galimoto yatsopanoyi ndi nthawi yochepa kuposa onse, pamene Alpine, imene inatsekera mndandanda mu 2025, inali ndi yochuluka. Zimenezi sizichita zozizwitsa tsiku limodzi. Zimagwira pang'onopang'ono, ngati manyowa.

Chimodzi chokha chimene kalendala ya mipikisano 24 imandipweteka nacho chaka ndi chaka ndi ichi: Madrid yalowa, America ili ndi itatu, Africa ilibe. Mpikisano womaliza kuno unali ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, mu 1993, ndipo anapambana Alain Prost. Mbiri tili nayo. Jody Scheckter wa ku South Africa anatenga chikho ndi Ferrari mu 1979. John Love wa ku Bulawayo, tsidya la Zambezi pompa, anatsogolera mpikisano wa ku Kyalami mu 1967 ndi galimoto yakale yodzigulira, mpaka vuto la mafuta linamulowetsa m'galaji kutatsala malapu ochepa, namaliza wachiwiri. Kwathu kuno liwiro timalidziwira pa fumbi, kwa Satwant Singh amene anatenga chikho cha rally cha Africa kambirimbiri. Mu Disembala 2024 Pulezidenti Paul Kagame analengeza ku Kigali kuti Rwanda ikufuna mpikisano, South Africa nayo ikuufuna, ndipo Hamilton wakhala akunena poyera kuti Africa isamadumphidwe. Pakadali pano ife ndi a pa SuperSport ndi pafoni.

Lamlungu, pambali pa ponyamukira, ine ndiziwerenga galimoto zimene zafa panjira, chifukwa injini zatsopano zimaulula matenda ake pa mpikisano woyamba. Ndizimvetsera mawailesi a madalaivala, kuti ndani akuuzidwa kusunga magetsi ndipo akuuzidwa kangati. Ndiziyang'ana ngati wodutsa mnzake akutha kukhalabe patsogolo lapu yotsatira. Ndiziyerekeza aliyense ndi mnzake wa m'timu, poti awiri okhawo ndiwo ali ndi galimoto zofanana: Hamilton ndi Leclerc, Norris ndi Piastri, Verstappen ndi Isack Hadjar amene walowa pampando umene wathyola anthu angapo. Ndipo sindiiwala kuti Albert Park ndi msewu wa m'paki wozungulira nyanja yaing'ono, wokonda safety car ndi mvula yadzidzidzi. Galimoto yokoma pamenepo ikhoza kukavutika ku Shanghai sabata yotsatira, kumene kuli msewu wowongoka woposa kilomita imodzi woti batire likaonekere poyera.

Batire lathu la sola ndalichotsa kale pa firiji, likhala likudzaza Loweruka lonse, kuti ngakhale magetsi athime TV isazime pakati pa mpikisano. Amalume ati abwera 6 isanakwane, ndi chimanga chachiwisi cha kudimba kwawo choti tiwotche, atavaliratu za kutchalitchi poti mpikisano ukatha cha m'ma 7:30 apitirira konko. Andiuza kuti ndikweze mawu a TV galimoto zikaima pamzere. Akufuna amve okha ndi khutu lawo kuti turbo ya ndani yachedwa kudzuka.